Mlandu wa Nkhokwe ya Tcheyamani

Mu 1986 Mayi Clementina Namputo ankaweruza milandu ku Balaka. Anthu ankabwera kudzasuzumira pa zenera la khoti, poti mkazi pampando umenewo anali asanamuonepo.

Tsiku lina apolisi anabweretsa a Bakari, mlimi wa ku Ulongwe, powaganizira kuti anatentha nkhokwe ya tcheyamani wa chipani wa m'dera lawo. Awiriwa ankalimbirana dimba. Mboni yoyamba inati inaona a Bakari ali ndi muuni mbandakucha. Yachiwiri inalumbira kuti kunali masana, Lachisanu. Koma masana amenewo a Bakari anali mumzikiti, ndipo shehe anabwera yekha panjinga kudzanena zimenezo.

Pa nthawi yopuma a Ambrose, kalaliki wa khoti, analowa mu ofesi n'kutseka chitseko.

"Mayi, galimoto yaima pansi pa mtengo wa mango ija mwaiona? Eni ake akuti mlandu uwu ndi wosavuta."

"Wosavuta kwa yani?"

"Ine ndangotumidwa, mayi. Ndili ndi ana asanu."

Atatuluka a Ambrose, Mayi Namputo analephera kukhala pansi. Anayenda kuchoka pa zenera kukafika pa chitseko, n'kubwereranso. Analemba tsamba lathunthu la chigamulo, kenako analing'amba. Ankadziwa anthu amene anakwezedwa m'galimoto zoterozo, abale awo mpaka lero osadziwa kumene ali. Anaganiza za amayi awo okalamba ku Mposa, amene ankadalira iwo okha.

Itakwana thuu koloko analowa m'khoti.

"Mboni ziwirizi zikutsutsana. Khoti ili silinapeze cholakwa. A Bakari, ndinu omasuka."

A Bakari anangoima tuzu mpaka womasulira anawauza m'Chiyao kuti azipita kwawo.

Sipanathe milungu iwiri, kalata inafika: Mayi Namputo asamukire kumpoto, kukhoti laling'ono la kumalire. Kumeneko anakhala zaka zisanu ndi chimodzi, chikwama chili chomangiratu kuseri kwa chitseko. Galimoto ikangoima panja ankadzambatuka, ngakhale ali pakati pa kudya. Koma kaweruzidwe sanasinthe, ndipo maloya anayamba kukopera zigamulo zawo n'kumapatsirana.

Mu 1992 anaitanidwa kuti akakhale jaji ku Khoti Lalikulu. Popita ku Blantyre anauza dalaivala kuti akhotere ku Ulongwe. Pamsika anafunsa mayi wina wogulitsa chimanga.

"A Bakari a dimba aja? Iyayi, kuno kulibe. Chibwerereni kukhoti kuja anyamata a chipani sankawagonetsa tulo. Anathawira ku Mangochi ndi banja lonse. Dimbalo akulima ena."

"Ali moyo?"

"Timangomva kuti amasoka zovala pakhonde la sitolo."

Mayi Namputo anafunsa dzina la sitoloyo, koma panalibe wolidziwa. Anazungulira msika wonse akufunsabe, mpaka dalaivala anawakumbutsa kuti mawa m'mawa akukalumbira.