Kanyali Kamodzi, Mitundu Iwiri

Ine chinsinsi changa ndinachisunga zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi: sindisiyanitsa chofiira ndi chobiriwira. Kwa ine zonsezo n'zotuwa ngati madzi otsukira mbale. Ndiye tangoganizani, munthu wotere n'kumagwira ntchito mu labu yoyeza madzi akumwa a tauni yonse! Umadonthezera mankhwala m'kabotolo, madzi n'kusintha mtundu, iwe n'kuyerekeza ndi tchati cha pakhoma. Ntchito yonse ndi maso basi.

Ndinkapulumukira pa Amake Mapasa, anzanga a tebulo loyandikana ndi langa. Mayi aja pakamwa pawo sipankatsekeka. Ndikanyamula kabotolo n'kuloza pawindo, ndinkangoti "Hmmm" ngati katswiri, iwo n'kuyamba okha: "Eee, koma lero afiira bwino madziwa, nambala fo yeniyeni!" Ine phee, n'kulemba. Mumtima ndinkadzitama kuti kuchenjera kwanga kulibe mnzake.

Tsoka linabwera pawiri. Amake Mapasa anali kupuma pantchito Lachisanu, ndipo Abwana analengeza kuti tigula sipekitirofotomita. Musadzilume lilime, ndi makina owalitsa kuwala m'kabotolo n'kukuuza kuti mtunduwo wakula bwanji. Anati tisankhe pakati pa awiri, ndipo woyesa ndikhale ine poti ndine wamkulu.

Lachitatu wogulitsa anafika, mnyamata wa tayi yofika m'mawondo, atabweretsa makatoni awiri ndi paketi ya mabisiketi. Makina oyamba anali chibokosi chonyansa, cholemera ngati mwana wa ng'ombe, cholira ngati firiji yakale, koma chinkalemba manambala akuluakulu akuda. Ndinachikonda pomwepo ngati m'bale wanga. Achiwiri anali kanthu kosalala, kokongola, konyamula ndi dzanja limodzi.

"Awa ndiye amakono, bwana," anatero wa tayi uja. "Manambala amapita okha ku kompyuta ya ku ofesi. Inu mumangoyang'ana kanyali aka. Kakabiriwira, madzi ali bwino. Kakafiira, musapatse munthu."

Kanyali kamodzi! Tikanakhala tinyali tiwiri bwenzi nditaloweza kakumanja ndi kakumanzere.

"Kamakina kameneka n'kopepuka kwambiri," ndinatero. "Mphepo ikalowa pawindo kauluka."

"Titseka windo," anatero Abwana.

"Akuba akaika m'thumba."

"Tili ndi alonda."

"Komanso sikalira. Makina osalira udziwa bwanji kuti ali moyo?"

Abwana anandiyang'ana pamwamba pa magalasi. "Akulu, tangoyesani. Nthawi ikutha."

Wa tayi anatuluka, n'kubwera ndi kabotolo, n'kukalowetsa m'makina ake. Kanyali kanayaka. Anthu onse a mu labu anazungulira tebulo, ngakhale a dalaivala amene sizimawakhudza n'komwe. Ndinawerama, ndinatsinzina diso limodzi, kenako ndinatulutsa chida changa chakale.

"Hmmm."

Zii.

"Hmmmmm!"

Ndinaponya diso kumbali. Amake Mapasa anali ataponya mabisiketi atatu m'kamwa nthawi imodzi, masaya ali tuu, maso ali tong'oo. Ankagwedeza mutu, koma kugwedeza kwake kunali kwa munthu wotsamwa, kosadziwika ngati ndi inde kapena ayi. Zaka zonsezi kulongolola, lero lokha n'kusankha kutafuna!

"Kabiriwira," ndinatero molimba mtima. "Madzi abwino kwambiri. Ndikhoza kumwa pompano."

A dalaivala anakhala pansi ndi phwete. Wa tayi anatsokomola. "Bwana, amenewo ndatunga m'ndowa ya mopu pakhonde."

Manyazi anandigwira. Ndinaona ntchito ikupita, ndinaona mkazi wanga akundifunsa kuti ndabwereranji msanga. Ndinavula magalasi. "Abwana, ndilankhule zoona. Ine mitundu iwiriyi sindiiona. Sindinaionepo chibadwire."

Ndinadikira kuti denga ligwe. Abwana anangotenga bisiketi.

"Tikudziwa," anatero.

"Mukudziwa?"

"Tonse. Ngakhale alonda. Chibokosi chonyansacho ndinasayinira kale sabata yatha. Mayiwa anakana kulemba kalata yopumira mpaka nditasayina. Mnyamatayu anangoumirira kuti tionenso kakeko, ife tinavomera chifukwa cha mabisiketi."

Ndinatembenukira kwa Amake Mapasa. Anali atameza tsopano, akupukuta misozi ya kutsamwa.

"Achimwene," anatero, "tsiku lanu loyamba munabwera ndi sokosi imodzi yofiira, ina yobiriwira, mukuyenda monyada. Masana omwewo ndinakuonani mukutembenuza tchati ngati kalata ya chilankhulo china. Ndinati bamboyu manja ake ndi abwino, sataya dontho, salemba zabodza. Maso okha ndiwo avuta, ndiye ndimubwereka anga."

"Ine ndimayesa mumangokonda kuyankhula."

"Ine? Kafunseni bambo a kunyumba. Amadandaula kuti anakwatira chitsa. Pofika madzulo mawu amakhala atathera pa inu."

Ndinafuna kukalipa kuti anandipusitsa zaka zonsezi, koma m'malo mwake ndinawathokoza moipa kwambiri, ndikuyang'ana pansi, mphuno ikuchucha pamaso pa a dalaivala.

Lachisanu tinawatsanzika. Lolemba chibokosi changa chinafika, amuna anayi atachinyamula akutukwana. Chimagwira ntchito bwino, sindinama. Ulowetsa kabotolo, chilira, nambala ituluka yakuda bii, yoti ngakhale ine sindingaiphonye.

Koma dzanja lili ndi chizolowezi chake. M'mawa uja, ndisanalowetse kabotolo koyamba, ndinapezeka ndakanyamula kuloza pawindo.

"Hmmm," ndinatero.

Ndinaima choncho kanthawi ndithu, kabotolo kali m'mwamba, ndikudikira. Pa tebulo loyandikana nalo panali mpando wokankhiridwa mkati ndi kapu yawo ya tiyi imene anaiwala.