Renji ndi Banyira

Fryson anali ndi nthenda imodzi yokha, ndipo madokotala onse a mu Glasgow sakanaitha: makhadi a zithunzi za osewera besibo, mpira womenya ndi chibonga. Osatinso a wosewera aliyense, koma a anyamata a ku Japan amene anawoloka nyanja kukasewera ku Amereka. Munthu wa ku Ntcheu, wokulira mpira wachikulunga, lero amvekere, "Woponya uyu dzanja lake ndi mphezi!" Mkazi wake Martha anasiya kalekale kufunsa kuti zinayamba bwanji.

Mwa onsewo, mtima wake unali pa Renji Kanemori, woponya wamanzere. Ndiye tsiku limene Martha anabereka mwana wamwamuna, Fryson anatuluka m'chipatala akuvina poimika magalimoto, dzina lili kale pamlomo: Renji.

Vuto linali lakuti dzinalo silinali loti apereke iye. Banja linagwirizana kuti popeza aNachanza, mayi ake a Martha, akwera ndege koyamba kudzasamala chikuta, mdzukuluyo amutcha ndi iwo mchombo ukagwa.

"Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko," anatero Martha akuseka. "Kawauzeni nokha amayi kuti mdzukulu wawo akhale Mjapani. Ine musandilowetsemo."

Koma mkamwini uti angaime pamaso pa apongozi n'kuyankhula zotero? Fryson ankachita kunjuta powapatsa moni, m'nyumba yomwe lendi amalipira yekha ku Dennistoun. Anaganiza zodzera kuseri. M'mawa wina anasiya alubamu ya makhadi patebulo, yotsekula kale pa tsamba la Renji, iye n'kukabisala kukhitchini akutsuka kapu yotsuka kale.

"Abale anu awa?" anafunsa aNachanza.

Anatulukira ngati waitanidwa ndi belu. "Ayi amayi, ndi osewera mpira wina wake womenya ndi chibonga. Kwawo ndi ku Japan, koma amasewera ku Amereka."

"Kwawoko mpirawo kulibe?"

"Uliko, koma waukulu uli kunjako."

"Ehe," anatero mayiwo. "Ngati inu nomwe."

Mawu omalizawo Fryson sanawamve. Anangoona kuti apongozi akutembenuza masamba, mtima wake n'kumadumpha ngati mbuliwuli m'phale.

Madzulo ake anawapatsa mapaketi atsopano a makhadi kuti atsekule. Abale inu, dzanja la mayi aja! Paketi yoyamba, khadi lonyezimira. Yachiwiri, lina losowa loti Fryson analisaka chaka chathunthu. Mayiwo analuluta, khanda n'kudzidzimuka, a nyumba yapansi n'kugogoda denga ndi tsache. Pofika kumapeto a sabata, ulemu wa chipongozi unali utapita kokayenda: awiriwo ankakhala pakapeti mitu pamodzi, kukangana kuti wamtali ndani. Martha anadandaula kuti anabereka mmodzi koma akulera atatu.

Mu alubamumo munali kathumba kamodzi kopanda kanthu. Kanali ka khadi la Renji akadali mnyamata kwawo, asanawoloke. Mu Glasgow monse linali ndi munthu mmodzi, mkulu wina wandevu dzina lake Hamilton, amene Loweruka ankayala tebulo m'holo ya ku Pollokshields, kumene okonda makhadi amakasinthana. Fryson anali atamupempha mpaka manyazi.

"Tiyeni tikamuone," anatero aNachanza, akumanga chitenje pamwamba pa chijasi.

Hamilton sankadziwa kuti akukumana ndi munthu amene anagulitsa tomato pamsika wa Lizulu kuyambira ali mtsikana. Mayiwo ananyamula khadi lija, kuliyang'ana kutsogolo, kuliyang'ana kumbuyo, n'kutsonya.

"Muuzeni kuti ngodya iyi yapindika."

"Amayi, sinapindike."

"Ndati muuzeni!"

Fryson anamasulira thukuta lili kamukamu. Hamilton anafiira makutu. Mayiwo anayala makhadi awo onyezimira aja limodzilimodzi, maso a mkuluyo atangoyamba kuwala iwo n'kuwasonkhanitsa, kuwabweza m'chikwama, ulendo wa kukhomo. Fryson anawatsatira pambuyo. Asanafike pachitseko anamva mkulu uja akufuula akuseka kuti abwerere.

Anasinthana. Koma aNachanza sanasunthe, dzanja lili chitambasulire.

"Nanga akudikira chiyani?" anafunsa Hamilton.

"Banyira," anatero Fryson, n'kufotokoza kuti kwathu wogulitsa akamaliza malonda amawonjezera kenakake pamwamba, kuti wogula adzabwerenso. Hamilton anaseka mpaka kutsokomola. Anafufuza m'bokosi n'kuwapatsa kachikwama kolimba ka pulasitiki, kosungiramo khadi limodzi, katsopano.

M'sitima pobwerera Fryson ankapatsa moni anthu osawadziwa. Anasiyira mpando munthu wina pomwe mipando ina inalipo yambirimbiri. Khadi lapezeka, apongozi amukonda Renji, ndiye dzinalo lilephera pati? Sanadabwe n'komwe kuti khadilo mayiwo sanamupatse. Analigwira okha njira yonse, akuliyang'anitsitsa.

"Apa anali wonenepa," anatero chapansipansi. "Akusekanso. Ku Amerekako amadya ndi ndani?"

Mchombo unagwa Lachiwiri. Martha anavala diresi yake yabwino, Fryson anakhala pansi pafupi ndi khomo, manja ali pamawondo. ANachanza anamunyamula mwanayo n'kumuyang'ana nthawi yaitali.

"Apongozi," anatero, "mukuyesa sindinaone? Kunditchera alubamu patebulo ngati diwa la mbewa."

Martha anabisa nkhope m'pilo, mapewa akugwedezeka. Fryson analakalaka kapeti itang'ambika alowe.

"Palibe kanthu. Inu mwandiphunzitsa kuti chinthu ukachifuna umasinthana. Dzina tengani. Mwanayu ndi Renji."

Fryson anadzuka osadziwa kuti wadzuka. Anawomba m'manja, anazungulira tebulo, anapsompsona Martha, anagwira chanza furiji.

"Khalani pansi, malonda sanathe. Khadi lija ndi langa. Ndikupita nalo."

Anakhaladi pansi. Walira mvula walira matope.

"Amayi, koma kathumba kaja..."

"Kakhale choncho. Mnyamata uyu ali ndi amake. Anamulera, ananenepa, anthu ena n'kumutenga kuti azikawaponyera mpira. Kwawoko mayiyo watsala ndi chiyani? Kapepala ngati aka. Inenso ndege ikanyamuka nditsala ndi kapepala. Ndikakaika pakhoma, ndizidziwa kuti tilipo awiri."

Martha anali atasiya kuseka. Fryson anamva chisoni pamodzi ndi manyazi. Makhadi onse aja anawasunga akuona anyamata opambana, osaganizako ngakhale kamodzi za amene anawaperekeza ku bwalo la ndege. Iye mwini anali asanapondeko ku Ntcheu chikwatirireni.

ANachanza anapisa m'chikwama n'kutulutsa kapulasitiki ka Hamilton kaja, kopanda kanthu.

"Tsopano banyira. Umu mudzaikemo chithunzi cha Renji wangayu, tsiku limene adzayambe kuyenda. Za pafoni sindikuzifuna, ndipo musadzatumize ndi munthu. Adzabwere nacho yekha, adzandipatse m'manja."

Fryson anakwawa ndi mawondo, nalandira kapulasitikiko ndi manja awiri. Anagwedeza mutu kuvomera. Kenako anatsekula alubamu pa tsamba lija n'kukalowetsa m'kathumba kopanda kanthu kaja, kuti kadikire momwemo mpaka mwanayo adzayambe kuyenda.