Lipoti la Mwendo wa Sajeni

Mkazi wa Sajeni anayamba kuwalangiza amuna ake akutseka chitseko, ndipo potsika basi anali asanamalize.

"Ndodoyo musakaibise. Akakufunsani, mukanene kuti ukupweteka. Musakaseke ndi munthu. Mwamva, bambo?"

"Ndamva, mayi. Mukundiyesa mwana?"

Mayiwo anali ndi chifukwa choopera. Chitsulo cha bomba chinawalowa Sajeni m'chiuno ali ku usilikali, ndipo china chinatsalira momwemo. Atapuma, analowa ulonda pasitolo ya matayala, ntchito yongoimirira, mwendo n'kumatupa ngati mtsamiro. Tsopano ofesi ya asilikali opuma inawaitana kuti dokotala awapime. Akavomereza, azilandira thandizo la olumala, ulonda ausiye. Akakana, mayiwo ankadziwa kuti tsiku lina adzawatola amuna awo atagwa pageti ya eni.

M'chipinda chodikirira munali benchi yaitali ndi fani yosazungulira. Madala anali ndandanda, wina wopanda dzanja, wina wogontha. Muzichenjera nawo madala a usilikali, akakumana palibe amene amadwala.

"Iwe Sajeni, ukadali moyo?" anakuwa wopanda dzanja uja. "Nanga ndodoyo? Wakalamba eti?"

"Ndi ya mayiwa, ndangowanyamulira." Anawapatsira akazi awo osawayang'ana n'komwe.

Mayiwo anailandira.

Atawaitana analowa onse awiri. Dokotala anali mzimayi wa magalasi, nayenso msilikali, nyenyezi zili paphewa. Sajeni atangoziona, zidendene gwa! Chifuwa patsogolo, dzanja pachipumi.

"Mwendo uli bwanji, bambo?"

"Uli bwino, bwana!"

"Umapweteka?"

"Ayi, bwana!"

"Tayendani mpaka pazenerapo."

Si kuyenda kwake. Munthu anaguba ngati pali gulu la oimba kutsogolo, n'kutembenuka pazenera mwa kamodzi. Mayiwo okha ndi amene anaona thukuta likutsikira m'khosi, ndi mano atalumana. Dokotala anatenga cholembera. Cholembera cha mu ofesi muzichiopa, chimene chalemba simungachichape ndi sopo.

Mayiwo sanalankhulepo mu ofesi chibadwire. Koma tsiku limenelo anaimirira.

"Pepani adokotala, ine kusukulu sindinapiteko, koma munthuyu ndakalamba naye. Mukawafunsa mwaulemu amanama. Awa safunsidwa. Akalipireni ngati kuntchito kwawo kuja."

"Mayi, mukundichititsa manyazi," ananong'ona Sajeni.

Dokotala anawayang'ana onse awiri pamwamba pa magalasi. Kenako anaika cholembera pansi, n'kuimirira, n'kumenya tebulo.

"Sajeni! Ndamva kuti m'gulu lanu muli msilikali wokana ntchito. Mwendo wamanzerewo. Ndipatseni lipoti lake, osamubisira!"

Nkhope ya Sajeni inasintha. Msilikali waulesi sanamulekererepo.

"Ndi wamwano, bwana! M'mawa sadzuka mpaka umupemphe. Pamasitepe amatsalira. Kukazizira amaluma ngati galu. Pageti ndikaimirira, iye amafa dzanzi, ndimachita kutsamira khoma kuti bwana wa sitolo asaone. Sokosi amakana kuvala, amamuveka ndi mayiwa. Mwezi watha anandigwetsa m'bafa, ine ndinanamizira ndowa."

"Ee! Ndiye sinali ndowa?" anatero mayiwo. "Ine ndinaitaya ndowa yabwinobwino!"

"Chete pamzere, mayi, ndikupereka lipoti."

Dokotala ankalemba, milomo ikunjenjemera ndi kuseka. Anawagoneka pabedi lopimira, nakanikiza m'chiuno ndi chala. Sajeni anafuula mawu amene sindingawabwereze pano, ana angamve. Kenako dokotala anakweza chithunzi cha mafupa kuwindo, kachitsulo kaja kakuoneka mbee.

"Msilikali ameneyu sangalondenso geti ya munthu," anatero. "Ndikulemba choncho, ndipo thandizo lanu ndikulivomereza. Khalani pampandopo. Limeneli ndi lamulo."

Sajeni anakhala pang'onopang'ono, n'kutambasula mwendo uja, n'kupuma mpweya wautali ngati munthu wotula katundu wa kutali. Mayiwo nawo anakhala, akupukuta maso ndi nsonga ya mpango.

"Bwana," anatero Sajeni patapita kanthawi, "poti tayamba kale. Wakumanjayu nayenso wayamba kutengera khalidwe la mnzakeyu."

Dokotala anatsegula kabati, n'kutulutsa pepala lina.