Mitanda Khumi ya Sopo

Mwezi wa Febuluwale chaka cha 2002, m'midzi ya m'munsi mwa Michesi mitondo inali itakhala chete. Pakhomo pa amayi Eliness panali patatha masiku anayi anthu akungodya chigwada chopanda nsinjiro ndi nthochi zaziwisi zowiritsa. Mwana wakhanda wa Bernadette, mwana wa amayi Eliness komanso mlongo wake wa Shadrick, anali atasiya ngakhale kulira. Ankangoyang'ana denga, pakuti mawere a mayi ake anali atauma.

Palibe amene ankamunena Shadrick, ndipo zimenezo n'zimene zinkamupweteka kwambiri.

Mnyamatayu anali atalemba mayeso a Fomu Folo, woyamba pamtundu wawo wonse. Anali wamanyazi, wolankhula akuyang'ana zala zake zakumapazi. Kusukulu aphunzitsi a zaulimi, a Sitima, anawajambulira pabolodi mizere iwiri yopingasana, nanena kuti mtengo wa chinthu ukakwera ogulitsa amachuluka, ndipo akachuluka mtengowo umatsikanso. Shadrick anaikonda mizere ija chifukwa inali yoyera bwino, yopanda phokoso.

Ndiye mavenda atabwera ndi masikelo awo m'mwezi wa Meyi chaka cha 2001, akugula thumba pa K400, kawiri mtengo wa chaka chinacho, Shadrick amene sankalankhula uja analankhula.

"Amayi, tigulitse tsopano. Mtengo ukakwera chonchi suchedwa kugwa. Ukagwa tidzagulanso chimanga chomwecho, zotsala tidzagulire feteleza."

Amayi ake anayamba akayikira. Chiyambire iwo sankagulitsa chimanga cha m'nkhokwe, ankagulitsa nandolo basi. Koma analipira fizi zaka zinayi ndi nandolo yemweyo, tsono akanakana bwanji nzeru zimene anagula okha? Matumba asanu ndi limodzi anakwera galimoto ya mavenda.

Mtengo sunagwe. Madzi anali atakokolola minda m'chigwa cha Phalombe ndi kwina konse, choncho ogulitsa amene buku linkanena aja kunalibe. Kumsika wa boma anthu ankagona pamzere n'kubwerako ndi matumba opanda kanthu. Ndalama zija zinakhala m'chitini, zikuonda mwezi ndi mwezi, mpaka anayamba kuzitapa pogulira timbale ta chimanga ndi madeya. Pofika Febuluwale ndowa imodzi inali pa K700, ndipo m'chitini munatsala K250.

Amene anabweretsa nzeru yopita ku Mozambiki anali amalume ake, a Laston, omwe ankagulitsa nkhuni panjinga.

"Kutsidyako chilipo," anatero. "Tiye, a Fomu Folo, ukatiwerengere ndalama. Ife osaphunzirafe angakatibere."

"Achimwene, musiyeni mwanayo," anatero amayi Eliness motsitsa mawu.

"Ndamutani? Ndikumulemekeza."

Ananyamuka kutangocha. Pokwera mpata wa Fort Lister anatsika n'kumakankha njinga, ndipo Shadrick anaona kuti sanali okha. Njira yonse inali anthu: azibambo atanyamula malata ofolera nyumba, mayi wina atasenza mpando, mkulu wina akukoka mbuzi imene nthiti zake zinkawerengeka. Aliyense ankapita kukagulitsa chimene anali nacho, ndipo poti onse ankagulitsa tsiku limodzi, Shadrick anadziwa kuti mbuzi ija ikapita pamtengo wa nkhuku. Apa pokha buku linkanena zoona.

Anawoloka malire dzuwa lili pamutu. Panalibe mpanda kapena msilikali, kamtsinje chabe ndi mtengo wa mango. A Laston anamutengera kwa mayi wina amene ankamudziwa, dzina lake Ennie, wamasiye wokhala ndi nkhokwe ziwiri ndi munda waukulu. Anapatsana moni m'Chilomwe, chimene Shadrick ankachimva koma osatha kuyankha, nafunsana za maliro a mbali zonse ziwiri. Kenaka a Laston anatchula chimene anadzera.

"Ndowa ndi mitanda khumi ya sopo," anatero mayi Ennie.

"Sopo? Ife tabwera ndi ndalama, mayi."

"Ndalama zanuzo ndikazitani ine? Ndimakagula nazo kwanu komweko, sopo, mchere, palafini. Chaka chatha mtanda unali K20. Sabata yatha ndautenga pa K35. Ndikasunga makwacha anu mwezi umodzi, ndimapeza mbewa yosaoneka yadyako. Ndiye ine ndimawerenga sopo. Mukafuna kulipira ndalama, lero ndi K350. Mawa ndikafunsa kaye kugolosale."

"Koma chaka chatha munandigulitsa ndowa pa K80!"

"Eya, inali mitanda inayi. Chaka chatha munabwera nokha. Taonani lero." Analoza kunjira, kumene anthu asanu ndi awiri anali atakhala pansi kudikira, matumba ali pamaondo.

A Laston anatembenukira kwa mphwawo. "Lankhulatu, mphunzitsi. Auze kuti mtengo ukakwera umagwa."

Shadrick anamva kutentha kumaso. Chimene chinamulasa sichinali chipongwe cha amalume ake ayi, koma kuti mayi ameneyu, amene sankatha kulemba dzina lake, ankadziwa chimene iye anachiphonya. Iye anaona K400 n'kusangalala ndi nambala. Sanafunse kuti K400 imeneyo idzagula chiyani ikagona m'chitini miyezi isanu ndi inayi. Chimanga chikanadikira osachepa, ndalama ndiye sizidikira.

Shadrick anapereka K250 ija. Mayi Ennie anayeza ndi mbale, ndowa osadzaza, nathira m'thumba. Pansi panagwa maso angapo a chimanga, ndipo a Laston, bambo wa imvi, anagwada n'kuwatola limodzilimodzi. Shadrick anayang'ana kumbali.

Anawerengera mumtima. Pakhomo anali anthu asanu. Ngakhale atagayitsa mgaiwa n'kumadya phala kamodzi patsiku, chimangachi sichikanapitirira masiku khumi. Chimanga cha m'munda chinali chitangoyamba kumene ngaiyaye. Mondokwa anali kutali, masabata asanu kapena kuposa, ndipo khanda lija silikanapirira masabata asanu.

"Njingayo ndiye ndingatenge," anatero mayi Ennie. "Ndowa zinayi."

A Laston anagwira chiwongolero ndi manja onse awiri. "Njinga ya K3,000? Nanga ana anga adya chiyani nkhuni ndikasiya? Nanga chimangacho ndichisenza pamutu mpaka ku Michesi?"

"Ndiye pitani bwino. Ena akudikira."

A Laston anayamba kumanga thumba pakaliyala. Shadrick anaima pomwepo, maso ali kumunda wa mayiyo. Udzu unali utafika m'maondo pakati pa chimanga ndi nandolo, ndipo chakumapeto anthu atatu okha ndiwo ankapalira. Kenaka Shadrick anatembenukira kwa mayi Ennie.

"Amayi, munda uwo ukufuna anthu."

Mayi Ennie anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. "Kodi amalankhula? Onetsa manja." Anamugwira chikhatho n'kuseka. "Awa ndi manja a bolopeni. Chabwino, aganyu ndimawapatsa K30 patsiku ndi phala masana."

"Ndalama ayi."

"Ukuti chiyani?"

"Ndalama sindikufuna." Shadrick analoza mbale ija. "Mundilipire chimanga. Mbale iyo mukuyezerayo, ziwiri patsiku. Tipangane lero, ndipo sopo akakwera kapena anthu akachuluka, mbale zikhale ziwiri zomwezo."

"Tamumvani! Mbale ziwiri sabata yamawa zidzakhala K50."

"N'chifukwa chake."

Anthu odikira aja anaseka, kuseka kofooka kwa anthu anjala. Mayi Ennie sanaseke. Anayang'ana udzu uja, nayang'ananso mitambo imene inkasonkhana kuphiri.

"Imodzi ndi theka. Ukalephera kumaliza ndime yako, tsiku limenelo palibe. Ugona m'khitchini ndi anzakowo."

"Ndavomera."

A Laston anamukokera pambali. Chipongwe chonse chinali chitawathera.

"Iwe, waona anthu akupalirawo? Ndi ozolowera, koma taona mmene akugwedezekera. Iwe wadya liti? Ndikawauza chiyani amayi ako, kuti ndakusiya kwa eni?"

"Mukawauze kuti Loweruka mubweranso kudzatenga. Masiku asanu ndi limodzi ndi mbale zisanu ndi zinayi. Loweruka linalo chimodzimodzi, mpaka mondokwa. Phala loyamba apatse Bernadette. Asagawe mofanana ayi, iyeyo adye kawiri."

"Ukadwala kuno?"

Shadrick anangoyang'ana kumunda kuja. Amalume ake anapisa m'thumba la malaya, natulutsa nthochi yowiritsa imene anasungira ulendo wobwerera, namufumbatitsa. Kenaka anakwera njinga osatsanzika. Shadrick anawaperekeza ndi maso mpaka kathumba kaja, kochepa ngati mtsamiro, kanabisika kuseri kwa mtengo wa mango.

Mayi Ennie anamupatsa khasu la mpini wokhuthala, namupimira ndime ndi mapazi, kuyambira pachulu mpaka pachitsa chakupsa.

"Lero dzuwa lapita kale, ndiwerenga theka. Yamba."

Anadya nthochi ija ataimirira, naponya khasu. Pamzere woyamba m'maso munachita mdima, ndipo anatsamira mpini mpaka nthaka inasiya kuzungulira. Mmodzi wa aganyu aja, bambo wa masaya olowa, anamuyang'ana osaimitsa khasu lake.

"Usamaweramuke msanga, mphwanga," anatero. "Ukagwa, sawerenga."

Shadrick anagwedeza mutu. Chitsa chija chinali chikadali kutali. Analavulira m'manja, nawerama.