Chigamulo cha pa Doko la Oran

Msonkhano wa nthambi ya chipani cha apantchito anauchita masana, kuseri kwa shopu yometera tsitsi, chifukwa sitima inali itakocheza kale ndipo katundu wake ankayenera kutsitsidwa mawa lake. Aliyense pa doko la Oran ankadziwa zimene zinali m'mabokosimo: mfuti ndi zipolopolo za asilikali a ku France, zokaphera anthu amene anaukira atsamunda kumapiri.

Lakhdar Mekki, kapitawo wa onyamula katundu, ndiye anayamba kulankhula. Anati anthu ake asakhudze bokosi ngakhale limodzi. Anakumbutsa anzakewo kuti zaka zisanu zapitazo anakana kupakira zida zopita ku Vietnam, ndipo chipani chinawaombera m'manja. Nanga lero zavuta pati, pamene oti aphedwewo ndi anthu oti ungapite kwawo pa basi?

Fernand Ortuño, mlembi wa nthambi ya chipani, yemwenso ankayendetsa kireni yonyamulira katundu, anayankha mofatsa monga mwa masiku onse. Munthu ameneyu akayamba kufotokoza za Marx, khofi ankazizira m'makapu. Anati atsogoleri a kumapiriwo si apantchito ayi. Ena ndi ana a eni minda, ena a eni masitolo, ndipo akadzapambana adzangosintha mbendera, katundu n'kutsala pa misana yomweyo. Kunali bwino kudikira kuti apantchito a ku France agwetse kaye mabwana awo, ufulu wa kuno udzabwera pambuyo.

"Aphunzitsi," anatero Lakhdar, "ndiye tikawauze a kumapiriwo kuti azifa pang'onopang'ono podikira a ku Paris?"

Ena anaseka, koma povota manja asanu anatsata Ortuño, anayi okha Lakhdar, motero anagamula kuti katunduyo atsitsidwe. Tsono nthambiyo inali ndi mwambo wake: ukagonja pa voti, chigamulo chimasanduka chako, ndipo wogonjayo ndiye ankatumidwa kukachilengeza, ati kuti aphunzire kumvera. Wochita makani ankalandidwa khadi la umembala. Anatuma Lakhdar.

Zinamupweteka mumtima. Khadi limenelo analisunga zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu, ndipo anali Ortuño yemweyo amene anamuphunzitsa kuwerenga, atakhala pa matumba a tirigu, akugawana buledi ndi nsomba zam'chitini. Kunja kwa chipani analibe anthu oti n'kuwatcha ake. A kumapiriwo sankamudziwa n'komwe, mwinanso akanamukayikira.

M'mawa mwake anaima pamaso pa amuna makumi anayi, aliyense ngowe yake yokokera katundu ili m'manja. Ananena chigamulo chonse m'Chiarabu osachotsapo kanthu, ndi zifukwa za Ortuño zomwe, mwinanso anazifotokoza bwino kuposa mwini wake. Ortuño anamvetsera ali pa makwerero a kireni, nagwedeza mutu mokhutira, n'kukwera.

Kenako Lakhdar anaika ngowe yake pansi, nakhala pa chitsulo chomangirirapo zingwe za sitima.

Mkulu wina wa mano awiri, dzina lake Bouziane, anamufunsa kuti tsono iwo atsate ziti, poti pakamwa panena zina, matako akunena zina. Lakhdar anati iye wapereka uthenga umene anatumidwa, ndipo salamula munthu. Bouziane anayang'ana sitima, anayang'ananso apolisi awiri a pageti, nakhala pansi akudandaula za mawondo. Ena anatsatira, koma osati nthawi imodzi. Panali amene anayamba azungulirazungulira ngati ataya kanthu, mpaka manyazi anawakhazika.

Kumwambako Ortuño anali atakweza kale bokosi loyamba. Analitembenuzira kumtunda, koma pansi panalibe woti alilandire ndi kumasula zingwe, ndiye linangolendewera pamwamba pa mitu yawo. Anasuzumira pa zenera la kireni.

"Lakhdar, ukudziwa chimene wachita. Madzulo ubweze khadi."

"Ndibweretsa ndekha, aphunzitsi. Musavutike n'kutuma munthu."

"Zaka zonsezi, m'bale wanga?"

"Zaka zonsezi ndasenza chilichonse chimene munandisenzetsa. Ichi chokha ayi."

Ortuño anatseka zenera. Lakhdar anamva misozi ikubwera, pakuti munthuyo ankamukonda kuposa abale ake enieni. Anapukuta maso ndi chipewa, koma pachitsulopo sanadzukepo.