Mabatani a Jasi la Mfumu

Tayerekezani: ndani ankasokoneza mabatani a jasi la mfumu?

Funsoli linamuvuta Bethan Scarth masiku atatu. Anali atangolembedwa ntchito yoveka osewera mu filimu imene ankaijambula m'nyumba yaikulu yakale ku Yorkshire, m'dziko la England. Filimuyo inali ya mfumu ina ya ku Britain imene inadwala misala kalekale. Ntchito yake inali yosavuta kuitchula: kuveka Bambo Desmond Pugh, amene ankasewera ngati mfumu, kumanga mabatani khumi ndi awiri, kuwajambula pa foni kuti mawa adzawoneke chimodzimodzi, n'kuchoka. Koma madzulo akamaonera zimene ajambula, batani lililonse linkapezeka m'kabowo ka linzake, jasi lili pendapenda.

"Bethan, kuwerenga mpaka khumi ndi ziwiri kukukanika?" anatero Callum Threlfall, woyendetsa filimuyo. "Ine ndikufuna misala ya m'maso, kukuwa, thovu kukamwa! Osati mfumu yooneka ngati yavalira m'basi. Zikachitikanso lero, mawa usabwere."

Bethan anamuonetsa chithunzi cha pa foni. Mabatani anali bwinobwino.

"Foni yako sindiionetsa m'makanema," anatero Callum.

Mantha Bethan anali nawo, koma chidwi chinaposa. Pa nthawi ya tiyi anapita kwa Bambo Pugh, amene ankaviika bisiketi m'kapu, wigi yawo, tsitsi longovala la mfumu, ili pabondo.

"Bambo, pepani, kodi mumawagwira mabataniwa?"

"Ine? Mwanawe, kukatsala mphindi imodzi ndimatseka maso n'kumabwereza mawu anga. Ngakhale utandivula nsapato sindingamve."

"Asakunamize, amakhala akugona ameneyu," anatero Mayi Rosalind Odell, amene ankasewera ngati mfumukazi. "Zaka makumi atatu ndakhala ndikumudzutsa pa siteji."

"Ndipo zaka makumi atatu mwakhala mukundiponda chala, mayi!"

Bethan anaseka nawo, koma maso ake anali pa anthu ena. Anthu asanu ndi mmodzi osewera ngati nduna ankayeserera kutuluka m'chipinda cha mfumu chafutambuyo, akuwerama, poti mfumu saifulatira. Mmodzi anagunda mpando. Pomwepo Bethan anazindikira kulakwa kwake: iye yekha ndiye ankaifulatira mfumu. Akangojambula chithunzi ankatembenuka n'kuthamangira kuseri kwa kamera.

Masana atamanga mabatani, anatuluka ngati nduna. Anabwerera m'mbuyo pang'onopang'ono, akupapasa ndi chidendene kuti asakodwe pa nthambo zamagetsi. Callum anali ataweramira kamera. Bambo Pugh anatseka maso, milomo ikugwedera. Ndipo taonani, manja awiri anafika pa jasi lija ngati ofuna kusasa fumbi. Anamasula mabatani mofulumira, n'kuwamanganso molakwika, modekha, ngati manja ozolowera.

"Imani kaye!" anafuula Bethan. Mawu ake anamudabwitsa yekha. "Callum, bwerani mudzaone."

Mwini manjawo sanakane.

"Mwamuna wanga Geoffrey anadwala matenda amenewa zaka zisanu ndi zinayi. Sanakuwepo, thovu sindinalione. Ndinkadziwira pa mabatani. Akatsika m'mawa malaya atapotoka, ndinkabisa makiyi a galimoto n'kuimbira dokotala. Ndinakuuzani tsiku loyamba, Callum, inu munati sizisangalatsa oonera."

Callum anayang'ana jasilo nthawi yaitali, akukanda ndevu.

"Nanga mtsikanayu ndikanamuchotsa ntchito?"

"Sindinadziwe kuti zafika pamenepo. Pepa, Bethan. Ndinalakwa kubisala kumbuyo kwako."

Bambo Pugh anatsegula maso, n'kuyang'ana pachifuwa pawo. Anayesa kukonza batani limodzi, zala zikuphonya kabowo, nkhope ili yodabwa.

"Musagwire! Pitirizani momwemo!" anatero Callum, akukodola wa kamera. "Tiyese kamodzi popanda kukuwa, tione. Bethan, jambula jasilo mmene lililimu. Mawa udzalimange chonchi, ndipo usadzachedwe."

Bethan anajambula. Mabatani khumi ndi limodzi anali m'malo olakwika, limodzi likulendewera lopanda kabowo.

Amene ankawasokoneza anali Mayi Odell, mfumukazi ya mu filimuyo.