Mapu a Njovu ndi Foni ya Christine

Christine anabwera ku Lundazi atauzidwa kuti akhala dzinja limodzi basi. Chimanga chinakololedwa, fodya anagulitsidwa, mvula inagwanso, iye akadali pa desiki yomweyo m'kaofesi ka bungwe loteteza nyama kuseri kwa msika. Mwana wake Lukundo anamusiya ku Lusaka m'manja mwa mng'ono wake Irene. Mwanayo anayamba sukulu, mano akutsogolo anaguluka, mayi ake akungoonera zonsezi pa foni. Akamacheza, mapeto ake anali amodzi: "Mami, mubwela liti?" Ndipo Christine ankayankha kuti, "Manje-manje," kutanthauza posachedwa, manyazi akumudya.

Chimene chinamumangirira kunoko ndi ntchito ya manja ake omwe. Njovu zina za m'nkhalango yotetezedwa ya Lukusuzi zinavekedwa makolala pakhosi otumiza uthenga wa pamene zili. Christine analemba notibuku ya Jupyter, tsamba la pa kompyuta logawidwa m'timabokosi totchedwa maselo, ndipo selo iliyonse umatha kuiyendetsa payokha. Maselo awiri oyamba, olembedwa m'chinenero cha kompyuta cha Python, ankakoka manambala a makolala. Yachitatu ndi yachinayi anali a JavaScript, chinenero cha masamba a pa intaneti, ndipo ndiwo ankajambula mapu okhala ndi timadontho tofiira. Kadontho kakayandikira minda ya ku Chikomeni, ofesi inkaimbira alimi kuti akonze ng'oma ndi utsi wa tsabola njovu zisanafike.

Malo a ntchito a Christine ku likulu la bungwe ku Lusaka anapezeka. Koma bwana wake, a Benwell, munthu wa pakamwa pokoma koma waulesi kusaina kanthu, anaika lamulo.

"Siningakusiyeni muyende, mayi, mpaka wina aziwe kuyendetsa aka kanthu kanu," anatero. "Njovu sizimapita pa tchuthi."

Wina ameneyo anali Bornwell, mnzake wa mu ofesi, mbadwa ya ku Chikomeni komweko, amene munda wa mayi ake unali m'njira ya njovuzo. Munthuyu sanali mbuli, ndipo ankafuna kuphunzira ndi mtima wonse. Koma akadina batani loyendetsa maselo onse pamodzi, pamalo pa mapu pankatuluka bokosi loyera, mbee! Akayendetsa imodzi imodzi ndi zala zake zachanguzo, bokosi loyera lomwelo. Christine akakhala pa mpando womwewo, laputopu yomweyo, mapu ankabwera bwinobwino ndi njovu zake.

Zinatero masabata ambiri. Christine anawerenga mzere uliwonse mpaka maso kuwawa, anasintha bulawuza, pulogalamu yotsegulira masamba a pa intaneti, anaika zonse mwatsopano, koma ayi ndithu. Anthu mu ofesi anayamba kumuseka kuti kompyuta anaidyetsa konda ine. Iye ankaseka nawo mano okha, mumtima muli moto. Kanthu kamene anakapanga monyada kanali katamugwira mwendo ngati msampha wa mbewa, ndipo anafika podana nako.

Tsiku lina mmawa Bornwell anafika, n'kukoka mpando kukhala pambali pa Christine, namupatsa moni wa kwawo.

"Mwawuka uli, anyina Lukundo? Lelo sinizayang'ana pa sikilini. Nizayang'ana imwe."

"Yang'anani mpaka mutope," anayankha Christine mopsa mtima.

Anayendetsa selo yoyamba, yachiwiri, yachitatu. Kenaka dzanja lake linapita lokha pa foni. Anatsegula kuona ngati Irene watumiza chithunzi cha mwana, anapeza palibe, anausa moyo, n'kuibweza pa desiki. Atatero anayendetsa yachinayi, mapu n'kutuluka.

"Bwelezani," anatero Bornwell.

Anabwereza, ndipo pamalo pomwepo dzanja linapitanso pa foni.

"Apo! Ine apo sinimaima. Imwe mumaima, mumaona foni."

Christine anatsegula pakamwa kuti amukalipire, koma pomwepo anazindikira chimene chinkachitika. Selo yachitatu ija inkatuma bulawuza kukatenga zida zojambulira mapu pa intaneti. Notibuku siyembekezera kuti JavaScript amalize ulendo wotere. Imangotuma n'kulemba kuti zatha. Ndipo netiweki ya kunoko imayenda ngati ngolo ya ng'ombe m'matope. Bornwell ankauza selo yachinayi kuti ijambule zida zisanafike. Christine, poyang'ana foni tsiku ndi tsiku, ankazipatsa mpata wofika osadziwa. Kupukwa mwana ndiko kunkayendetsa mapu a njovu.

Anaseka mpaka misozi, ndipo misoziyo sinali ya kuseka kokha. Analemba mizere yochepa youza selo yachinayi kuti isajambule kufikira zida zitafika. Bornwell anadina batani lake lija. Bokosi linakhala loyera kanthawi, kenaka mapu anatambasuka, timadontho tofiira tili m'mphepete mwa Lukusuzi.

"Yewo chomene!" anafuula Bornwell akuwomba m'manja. "Manje kaguleni tikiti ya basi."

Christine anatenga laputopu m'manja n'kukalowa kwa a Benwell ngakhale osagogoda. Bwanayo anaonerera, anagwedeza mutu, anayamikira mpaka mawu okoma kumuthera. Kenaka anayamba kusanja mapepala amene anali osanjika kale.

"Mayi, khalani pansi. Paja malo ku Lusaka anaikapo munthu mwezi watha. Anati sangapitilize kuyembekeza."

"Mwezi watha? Ndiye imwe munali chete?"

"Ninaona kuti mukaziwa muzataya mtima, na chimanga ku Chikomeni chili pafupi kukhwima. Ena malo azapezeka. Kuona maso a nkhono n'kudekha."

Mwambi umenewu umakoma kwa amene akuunena. Christine anatuluka mokwiya, nakaima pakhonde, fumbi la malole a fodya likumuwaza. Ntchito sakanaisiya, popeza ndiyo inkaphunzitsa Lukundo. Ndipo tsopano ngakhale notibukuyo sinkamufunanso.

Nthawi yoweruka ana kusukulu anaimba foni ku Lusaka. Anali atakonzeratu "manje-manje" wake pa lilime, akudzida pokonzekera bodza lomwelo. Lukundo analandira ali wefuwefu. Anafotokoza za aphunzitsi atsopano, za nsapato imene inaduka lamba, za dzino limene layamba kumera. Christine ankangovomera, akuyembekezera funso lija.

"Mami, anzanga ananiitana. Bai!"

Foni inaduka. Christine anaiyang'ana nthawi yaitali ili m'manja, kuganiza kuti mwina mwanayo akumbuka n'kuimbanso. Lukundo sanafunse kuti abwera liti.